Ruleti, blackjack kapena baccarat: tebulo liti limadya pang'ono pa ola?

Anthu ambiri posankha tebulo mu kasino amangoyang'ana kuti akawina alandira zingati. Funso lothandiza ndi lina: pa 100 iliyonse imene mwabetcha, kasino amatsala ndi zingati, ndipo pa ola limodzi mumabetcha kangati? Manambala awiriwa ndi amene amanena mtengo weniweni wa mpando umene mwakhalapo.

Tiyambe ndi ruleti, chifukwa masamu ake ali poyera. Gudumu la ku Ulaya lili ndi timabowo 37, kuyambira 0 mpaka 36, ndipo nambala imodzi imalipira 35 pa 1. Ikani chipi (kachitsulo kapena kapulasitiki koimira ndalama) chimodzi pa nambala iliyonse: mwatulutsa machipi 37. Kampira kakagwera pena paliponse, mulandira 35 pamodzi ndi chipi chanu chija, zonse 36. Chimodzi chapita, ndiye 2.7 peresenti imeneyo. Gudumu la ku America lili ndi 00 yowonjezera, timabowo 38, koma malipiro ndi omwewo, choncho kasino amadya 5.26 peresenti. Masewera ndi amodzimodzi, mtengo wokha ndi umene wawirikiza. Matebulo ena otsatira malamulo a ku France amakubwezerani theka la ndalama ngati munabetcha mtundu wofiira kapena wakuda ndipo kampira kagwera pa 0. Pamenepo gawo la kasino limatsika kufika pa 1.35 peresenti. Mukalipeza tebulo lotere, magudumu enawo musawayang'anenso.

Blackjack ndi imene imatchuka kuti njotchipa, ndipo nzoona, koma pali zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, muyenera kusewera dzanja lililonse motsatira tchati cha masamu, osati mmene mtima ukukuuzirani. Muli ndi 16, wogawa makadi waonetsa 7, tchati chikuti tengani khadi lina. Ambiri amaima poopa kupitirira 21, ndipo mantha amenewa ndi amene amadyetsa. Chachiwiri ndi malamulo a tebulolo. Zonse zikakhala bwino, kasino amadya pafupifupi theka la peresenti imodzi.

Musanakhale pansi, werengani zolembedwa pansalu ya tebulo. Ngati palembedwa kuti blackjack (dzanja la khadi la A ndi khadi la mtengo wa 10, zokwana 21) imalipira 3 pa 2, mukabetcha 10 mulandira 15. Ngati ndi 6 pa 5, mulandira 12 yokha. Kusiyana kwa 3 kumaoneka kochepa, koma dzanja limeneli limabwera pafupifupi kamodzi pa manja 21 aliwonse, ndipo lamulo limodzi lokhali limawonjezera 1.4 peresenti ku gawo la kasino. Tebulo lotchipa lija lasanduka lodula kuposa baccarat. Inshuwalansi imene amakufunsani wogawa akaonetsa A, yomwe ndi kubetcha kwapadera kuti khadi lake lobisika ndi la mtengo wa 10, nayonso muikane. Imalipira 2 pa 1, kutanthauza kuti ikanakhala yachilungamo khadi limodzi mwa atatu aliwonse likanakhala la mtengo wa 10, pamene makadi otere alipo 4 okha pa 13.

Baccarat safuna luso lililonse. Mumangosankha mbali imene iwine, yotchedwa Banker kapena yotchedwa Player, makadi amadziyendera okha. Banker amakudyani 1.06 peresenti, titawerengera kale 5 peresenti imene amadula mukawina. Player ndi 1.24. Tie, kubetcha kuti mbali ziwirizi zifanana, yolipira 8 pa 1, imadya kuposa 14 peresenti, ndipo palibe chifukwa choyigwirira. Timapepala tolembapo kuti Banker wawina kangati motsatizana timangokutanganitsani manja; kasino amatipereka yekha mosangalala chifukwa amadziwa kuti sitilosera kanthu.

Tikangoona maperesenti, mndandanda ukuoneka wosavuta: blackjack yabwino, kenako baccarat, kenako ruleti. Koma liwiro limasokoneza zonse. Tinene kuti mukubetcha 10 nthawi iliyonse. Pa ruleti yodzaza anthu, wogawa amachedwa kusonkhanitsa ndi kulipira machipi, ndiye gudumu lingazungulire ka 40 pa ola. Mwabetcha 400, ndipo pa gudumu la ziro imodzi mtengo wake ndi pafupifupi 11. Pa la ziro ziwiri ndi 21. Pa blackjack ya 3 pa 2, manja 70 pa ola ndi 700, mtengo wake 3 kapena 4. Pa ya 6 pa 5 ukukwera kufika cha m'ma 13. Tebulo laling'ono la baccarat, pamene wogawa amatembenuza yekha makadi, limathamanga kwambiri: likafika manja 150 pa ola mwabetcha 1,500, ndipo Banker wotchipa uja wakudyani 16. Ruleti ya ku Ulaya, imene peresenti yake ndi yoposa kawiri, yatuluka yotchipa pa ola.

Makina opota ndi amene amaonetsa zimenezi mosabisa. Tinene kuti makina amabweza 92 pa 100, inu mukudina batani ka 600 pa ola ndi machipi awiri okha. Mwadutsitsa 1,200, ndipo 96 yatsala mkatimo. Munthu wobetcha 2 akulipira kuposa wobetcha 10 pa tebulo lililonse tatchula pamwambapa.

Manambalawa ndi apakati, a nthawi yaitali. Usiku umodzi mutha kuchoka mutawina 300 pa tebulo loipa kapena kuluza 300 pa tebulo labwino, ndipo zimenezi sizikutsimikizira chilichonse za tebulolo. Gudumu silikumbukira. Mu kasino wa ku Monte Carlo, m'dziko la Monaco, mu 1913 kampira kanagwera pa wakuda ka 26 motsatizana, anthu akuunjika ndalama pa wofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Mwayi wa wofiira unali 18 pa 37 pa ulendo woyamba, unalinso womwewo pa ulendo wa 26.

N'chimodzimodzi ndi njira yowirikiza ndalama nthawi iliyonse mukaluza. Imaoneka yanzeru chifukwa masiku ambiri mumawinadi pang'ono. Koma mukayamba ndi chipi chimodzi pa wofiira kapena wakuda n'kuluza ka 10 motsatizana, mwataya 1,023, ndipo mukufunika kuika 1,024 kuti mupeze phindu la chipi chimodzi. Pa gudumu la ziro imodzi zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 784 oyamba mzere watsopano, ndipo nthawi zambiri malire a tebulo kapena thumba lanu zimakuimitsani musanafike n'komwe. Peresenti ya kasino sinasinthe. Mwangoonjezera ndalama zodutsa pansi pake.

Ndiye kwa amene waloweza tchati, blackjack ya 3 pa 2 ilibe mnzake, makamaka pa tebulo lodzaza pamene manja amachepa. Amene sakufuna kuloweza kanthu asankhe Banker n'kumadumpha manja ena, kapena ruleti ya ziro imodzi. Gudumu la 00 ndi blackjack ya 6 pa 5 n'zongodutsa, ngakhale chipi chake choyambira chitakhala chotsika kuposa cha matebulo enawo.