Chilolezo cha ukwati ku Indiana ndi madola 25, zotsalazo ndi za adobadoba

Abale anga amene muli kumudzi ndipo mukukonzeka kudzamanga banja kuno ku America, ndikufuna mudziwiretu mtengo weniweni wa chilolezo cha ukwati, chifukwa pali anthu amene akudyera pa mantha a alendo. M'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi ambiri tinakhazikika, chilolezochi ndi madola 25 ngati mmodzi mwa awirinu amakhala m'chigawomo, ndipo ndi madola 65 ngati nonse ndinu ochokera kwina. Kope yodindidwa ya setifiketi ya ukwati ndi madola 4. Ine ndi mayi a kunyumba kwangawa tinalipira madola 700 pamwamba pa zimenezi, ndipo palibe ngakhale tambala imene inafika ku ofesi ya boma.

Timakhala m'kaunti (dera longa boma la kwathu) yaing'ono ya kumidzi, imodzi mwa makaunti 92 a chigawochi, kumene munthu amayenda mtunda wautali akungoona minda ya chimanga ndi soya. Lamulo limati chilolezo chitengedwe m'kaunti imene mmodzi wa inu amakhala, ndipo nonse awiri mukaonekere pamaso pa kalaliki wa khoti. Kumeneko kulibe mabasi, ofesi imatseka masana dzuwa likadali pamwamba, ndipo makaunti ambiri amafuna ndalama yapamanja osati khadi. Mlendo amene amagwira ntchito usiku ndipo alibe galimoto amaona ngati zimenezi ndi phiri, ndipo apa ndi pamene dobadoba amalowerapo.

Wathuyu anali mkulu wina wochokera kwathu ku Africa, wovala bwino, wolankhula mwaulemu, amene tinalozeredwa ndi anzathu a kuntchito. Anatiuza kuti makalaliki a kumidzi sakonda anthu akuda a mapasipoti achilendo, ndipo munthu akapita yekha amabwezedwa, mwinanso kumuitanira apolisi oona za olowa ndi otuluka. Atatiopseza mokwanira, anayamba kutchula mitengo. Madola 250 anati ndi oyendetsera mapepala. Madola 150 anati ndi omasulira setifiketi yanga yobadwira, chikalata chimene boma la Malawi linalemba kale m'Chingerezi. Madola 100 anati ndi otisungira malo oyezetsera magazi, pamene Indiana safuna kuyeza magazi kwa ofuna kukwatirana. Madola 200 otsalawo anati ndi a m'busa amene iye adzabwere naye kudzadalitsa ukwati. Ndalama zonsezi zinachokera ku ntchito yosambitsa ndi kutembenuza okalamba usiku wonse, ndipo mtima umandiwawabe ndikakumbukira kuti amene anazitenga ndi munthu wodziwa bwino mmene dola imavutira kupeza.

Pa tsiku lokatenga chilolezo iye anangotitula pakhomo pa khoti n'kutsala m'galimoto. Fomu tinalemba tokha, madola 25 tinapereka tokha. M'busa uja ndiye sanaoneke konse. Sabata iliyonse kunali chifukwa chatsopano, mwina maliro, mwina ulendo wa ku Chicago, kenako foni inasiya kuyankhidwa. Chilolezo cha ku Indiana chimagwira ntchito masiku 60 okha, ndipo ukwati ukapanda kudalitsidwa m'masiku amenewo pepalalo limafa. Lathu linafa tikudikira munthu amene tinamulipira kale.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa mu ofesi ya kalaliki, ofesi yomweyo imene tinauzidwa kuti imadana ndi alendo. Titabwerera kukapempha chilolezo china, anatifunsa chimene chinachitika, ndipo atamva anatikhazika pansi n'kutifotokozera zonse mosathamanga. Anati ofesi yawo sifuna mkhalapakati aliyense, ndipo lamulo limalola m'busa wa mpingo, woweruza milandu, meya kapena kalaliki kumangitsa ukwati. Anatiuzanso kuti womangitsa ukwatiyo ayenera kubweza pepala losainidwa ku ofesi pasanathe masiku 30, ndipo tisagone mpaka titaona kope yodindidwa m'manja mwathu, chifukwa popanda kopeyo mkazi sangasinthe dzina ku Social Security (ofesi ya boma yopereka nambala imene munthu amagwirira ntchito) kapena pa laisensi yoyendetsera galimoto. Vuto langa lenileni linali umboni wa kumene ndimakhala, pakuti pasipoti ilibe adiresi ndipo mabilu a nyumba imene tinkagonamo anali m'dzina la munthu wina. Dobadoba sanatchulepo zimenezi, koma mayiyu anandiuza mapepala amene ofesi yawo imalandira, ndipo analemba risiti ya ndalama iliyonse imene tinapereka. Ukwati wathu anadalitsa ndi m'busa wa katchalitchi ka m'tauni momwemo, amene sanatchule mtengo uliwonse.

Musananyamuke kumudziko, lembani papepala maina onse a makolo anu, dzina la kwawo kwa mayi anu asanakwatiwe, ndi kumene aliyense anabadwira, chifukwa fomu imafunsa zimenezi. Makaunti amasiyana pa tinthu tina, choncho imbani foni ku ofesi ya kalaliki nokha ndi kufunsa nthawi imene amasiya kupereka zilolezo. Funsaninso ola lake bwinobwino, chifukwa makaunti ena a kumpoto chakumadzulo ndi kumwera chakumadzulo kwa Indiana amatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi chigawo chonse.

Tsopano ndilankhule mosapsatira kwa amuna anzanga amene munasiya akazi ndi ana kumudzi. Fomu imafunsa ngati munakwatirapo, ndipo mumayankha molumbira. Ambiri mumaganiza kuti popeza simunapite kwa DC kapena kutchalitchi, ndiye kuti simunakwatire. Lamulo la ku Malawi la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, umene ankhoswe a mbali zonse anagwirizana, ndipo ukwati wovomerezeka kumene unachitikira umawerengedwanso kuno. Kukwatira wina ukwati woyamba usanathe ndi mlandu ku America. Kalaliki wa kumidzi mwina sadzafufuza, koma a USCIS, nthambi ya boma yoona za mapepala a alendo, adzafuna umboni wakuti ukwati woyamba unatha, ndipo dzina la mkazi amene munalemba pa fomu ya viza ku Lilongwe silifufutika. Thetsani nkhaniyo mwachilungamo ndi ankhoswe ndi bwalo la milandu musanaime pamaso pa kalaliki, ndipo ana amene munabereka apitirize kudya.

Kwa inu amene mukulota kuti pepala la madola 25 limasanduka green card (khadi yokhalira m'dziko muno mokhazikika) m'mawa mwake, dzukani. Chilolezo ndi cha kaunti, pamene nkhani ya kukhala m'dziko muno ndi ya boma lalikulu, ndipo mitengo yake ndi ina. Pa mitengo imene inakhazikitsidwa mu April 2024, fomu ya I-130, imene mkazi kapena mwamuna wanu amakupemphererani, ndi madola 675 ikatumizidwa papepala, ndipo ya I-485, yopemphera green card, ndi madola 1,440, osawerengera dokotala ndi loya. Ukwati ukakhala wosakwana zaka ziwiri pa nthawi imene akuvomerezani, khadi imene mumalandira ndi ya zaka ziwiri zokha, ndipo mudzayenera kusonyezanso kuti banjalo ndi lenileni. Adobadoba omwewa amagulitsanso akazi ndi amuna a pepala pa madola masauzande, osakuuzani kuti ukwati wachinyengo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000. Iwo amakhala atadya kale, wokasenza mlandu ndinu.

Musanamizidwenso ndi chidindo. Munthu wotchedwa notary public kuno ntchito yake ndi kutsimikizira kuti wosaina ndi mwini dzina, si loya, ndipo alibe chilolezo cholangiza za malamulo a olowa m'dziko. Dobadoba wathu uja anali nacho chidindo chotere pa desiki pake. Ngati nkhani ya mapepala anu ndi yovuta, pitani kwa loya weniweni kapena ku bungwe lovomerezedwa ndi boma, ndipo aliyense wokupemphani ndalama ya chilolezo cha ukwati kunja kwa ofesi ya kalaliki mumufunse risiti ya kaunti musanatulutse chikwama.