Bemaraha kapena Ankarana: miyala yosongoka ya ku Madagascar mukaionere kuti?

Ambiri akamva za Madagascar amaganiza za chilumba cha Nosy Be ndi mchenga wa kunyanja. Koma mtunda uli ndi tsingy, miyala ya laimu yomwe mvula inaisema kwa zaka zosawerengeka mpaka kusanduka nkhalango ya mipeni. Malo awiri amalimbirana alendo pa nkhaniyi, ndipo safanana ngakhale pang'ono.

Tsingy de Bemaraha, kumadzulo, ndiye wamkulu. UNESCO inamuika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1990. Vuto lake ndi njira. Kuchoka ku tauni ya Morondava kukafika ku Bekopaka, mudzi wolowera ku malowa, ndi pafupifupi makilomita 200, koma mumathera tsiku lathunthu m'galimoto ya 4x4, fumbi lili koboo, n'kuoloka mitsinje iwiri pa pantoni, Tsiribihina ndi Manambolo. Mvula ikangoyamba msewu umafa, choncho nthawi yake ndi yachilimwe, kuyambira cha mu Meyi mpaka Novembala.

Komatu mukafika simudandaula. Ku Grand Tsingy, chigawo cha miyala ikuluikulu, amakumangani lamba m'chiuno, mumakola ngowe pa chingwe chachitsulo, n'kumakwera makwerero okhomedwa pamwala. Pena mumadzipanikiza m'mng'alu wopapatiza chikwama chili m'manja, kenako mwatulukira pa mlatho wa zingwe wogwedezeka, pansi pali phompho. Mwala wake umacheka chikhatho, magolovesi musawaiwale. Wotsogolera adzakuuzaninso kuti kuloza ndi chala chowongoka ndi fady, chinthu choletsedwa pamwambo, pindani chalacho. Ulemu umenewu ndi wosavuta kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti manda salozedwa. Pobwerera mumadutsa pa msewu wotchuka wa malambe aatali pafupi ndi Morondava.

Ankarana, kumpoto, ndi wina. Khomo lake la Mahamasina lili m'mphepete mwa msewu wa RN6, makilomita pafupifupi 100 kumwera kwa mzinda wa Antsiranana, ndipo ngakhale taxi-brousse, minibasi yakumeneko, imakutsitsani pomwepo. Malowa akhala otetezedwa kuyambira 1956. Tsingy wake ndi wocheperako, n'zoona, koma chuma chake chili pansi: mapanga odzaza mileme, mitsinje yoyenda m'kati mwa thanthwe, ina muli ng'ona. M'mapanga amenewa ndi momwe anthu a mtundu wa Antankarana, eni dera limeneli, anabisala pothawa asilikali a mtundu wa Amerina m'zaka za m'ma 1800, n'chifukwa chake ena mwa mapangawa ndi opatulika mpaka lero. Nyama zonga apusi zotchedwa lemur, makamaka zija zokhala ndi ubweya wofiirira pamutu ngati chisoti, zimaoneka mosavuta m'nkhalango yake.

Konse kuwiri kukhala ndi wotsogolera ndi lamulo, ndipo oyendetsa malowa ndi a bungwe la Madagascar National Parks.

Ine ndinganene mosabisa: ngati muli ndi masiku osachepera anayi, thumba lokwanira kubwereka 4x4 ndi dalaivala wake, komanso mutu wosachita chizungulire pamalo okwera, pitani ku Bemaraha. Koma amene akuyenda ndi ana kapena makolo, kapena ndalama zaphwa kale ndi tikiti ya ndege yodzera ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, asadzione ngati waluza posankha Ankarana. Nyamulani tochi ya pamutu ndi madzi ambiri, ndipo muyambe kuyenda m'mamawa, chifukwa dzuwa likakwera miyala ija imatentha zedi.