Chingwe cha buluu cha ku hadiweya, patha chaka ndikuchigwiritsa ntchito

Ndowa yanga yachitsulo inagona masiku awiri pansi pa chitsime chifukwa cha chingwe chimenechi, nde musadabwe kuti ndachedwa kunenapo maganizo anga, ndimafuna mkwiyo uyambe watha kaye kuti ndisachinamizire. Ndi chingwe cha buluu chija mumachiona chitakulungidwa pakhomo pa hadiweya iliyonse, chopotedwa patatu, ine ndinatenga cha 10mm mamita 50 ku Limbe. Wogulitsa anandiuza kuti ndi nayiloni yeniyeni bwana, olo galimoto mukoka. Za mtengo tisakambe, chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wa dzulo ndi mbiri yakale basi, koma pa zingwe zonse zinali mushopumo chotchipa chinali chomwechi.

Poyamba penipeni, si nayiloni. Tonse timangoti nayiloni chilichonse chapulasitiki koma ichi ndi polypropylene, ndipo kuyesa kwake nkosavuta, dulani kachidutswa muponye mu beseni ya madzi. Chikayandama ndi polypropylene, nayiloni yeniyeni imamira. Changa chinayandama ngati chikoko cha mtedza. Sindikuti wogulitsa uja anandinamiza dala ayi, mwina nayenso anangouzidwa choncho, koma kusiyanako kulipo ndipo nkwakukulu. Nayiloni imatamuka, imamwa madzi ndipo ikanyowa mphamvu imatsikako pang'ono, koma ndi yofewa mmanja ndipo imamvera ukamanga. Ichi cha buluuchi sichimwa madzi, sichiola, nchopepuka, koma nchouma khosi komanso choterera, ukachipinda chimafuna kuwongoka chokha. Vuto lonse la ndowa yanga linachokera pamenepo.

Ndinamanga mmene ndakhala ndikumangira chibadwire, kuzunguliza pa chogwirira cha ndowa nkumanga kawiri ngati ukumanga thumba la chimanga. Pa chingwe cha khonje mfundo imeneyo imagwira bwinobwino chifukwa khonje nlokhakhala, limalumana lokha, likanyowa ndiye limafufuma mpaka sungamasule. Apa ayi. Sabata yoyamba zinali bwino, koma ndowa ya pachitsime mukuidziwa, imalowa yopanda kanthu, imagunda madzi chingwe nkukhwepa, kenako ukukoka yodzadza, kukhwepa, kukoka, kambirimbiri pa tsiku. Nthawi iliyonse chikakhwepa mfundo ija imatakasuka pang'ono, kansonga kamabwerera mmbuyo osaoneka. Mmawa wina mayi akunyumba akukoka anangomva chingwe chapepuka mmanja, pansi phuu. Anabwera ndi chingwe chokha, mfundo kulibe, chingwe chosaduka olo kaulusi kamodzi. Ndinakaivuula ndi nsungwi yomangirira ngowe ya waya, anthu ataunjikana kumandiseka kuti a bambo agula chingwe chatsopano koma madzi tikukapempha kwa aneba.

Ndinali nditatsala pang'ono kuchibweza ku shopu. Anandiletsa ndi malume anga, iwowa anakhala zaka zambiri kunyanja ku Mangochi akugwira ntchito mmaboti a usodzi, pano anakalamba amangokhala. Anachigwira, kuchipinda, nkuseka, amvekere mphwanga chingwe chilibe mlandu ichi, manja akowa ndi amene sanaphunzire. Akuti kunyanja zingwe zoterezi ndi zomwe zadzadza poti zimayandama, ndipo mwera ukayamba kuwomba miyezi yozizira ija boti limavina usiku wonse pa chingwe, ukamanga mfundo ya pathumba mmawa ukalipeza kutali. Anandikhazika pa mkeka nkundionetsa mfundo yomwe iwo amangoti yomangira boti, pambuyo pake mwana wanga ataiona pa foni ndi pomwe ndinadziwa kuti dzina lake ndi bowline.

Kamangidwe kake ndiyesa kufotokoza ngakhale kuti zimavuta ndi mau okha. Siyani nsonga yaitali ndithu, ndiye pa chingwe chachikulucho pindani kamphete kakang'ono, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba. Nsonga ija ipititseni pa chogwirira cha ndowa kapena kuzungulira mtengo, kenako ilowetseni mkamphete kaja kuchokera pansi, izungulire kuseri kwa chingwe chachikulu, ibwererenso mkamphete momwe inatulukira. Mukakoka mumapeza lupu yoima, siikula siichepa olo mukoke bwanji, ndipo ubwino wake wina ngakhale itanyamula katundu wolemera tsiku lonse mumangothyolera kumbuyo kakhosi kozungulira chingwe chachikulu kaja ndi chala chachikulu, yamasuka. Ine kanayi koyamba imatuluka khwekhwe, malume akungopukusa mutu, chifukwa ukatembenuza kamphete kaja molakwika zonse zimangosololoka.

Koma apa mpomwe ndikufuna amene mukuganiza zogula chingwechi mumvetsetse, chifukwa mavidiyo ambiri amaonetsa bowline pa chingwe chofewa chokongola chija cha anthu a maboti akunja. Pa cha buluu chatsopano bowline wamba nayenso amatakasuka akamagwedezeka opanda katundu. Ndinayesa dala, kumanga nkumakutumula ngati ndikukutumula nsanza, sipanatenge nthawi kansonga kanayamba kutuluka. Malume amadziwa kale zimenezo, iwo amasiya nsonga yaitali ngati chikhatho ndi theka kenako nkuimangiriranso kawiri pa lupu pomwepo kuti isabwerere, ndipo asanaisiye amaikoka mbali zonse ndi mphamvu mpaka ikhazikike. Njira ina ndi kupinda timphete tiwiri mmalo mwa kamodzi poyamba paja, imagwira kwambiri. Chimangireni choncho pa ndowa, patha miyezi khumi ndi umodzi, sinasunthe.

Pomwe sindikufuna kumasulanso ndimamanga ina ija yooneka ngati nambala 8, mumapinda chingwe pawiri nkupanga 8 ndi chopindacho. Imeneyi pa chingwe choterera ndi bwana, siitakasuka ndipo ukangoiyang'ana umadziwa ngati walakwitsa chifukwa 8 wake amaoneka wopunduka. Kuipa kwake ikakokedwa kwambiri imauma gwa, ndinaimanga tikukoka chitsa cha bulugamu kumunda ndipo mapeto ake ndinachita kudula ndi mpeni, mano ndi msomali zitakanika. Imadyanso chingwe chambiri. Nde zili kwa inu, yomasula madzulo alionse mangani bowline, yokhalitsa mangani 8.

Ku mbuzi ndiye ndimalankhula ndi mtima wonse. Nthawi ya dzinja mbuzi timamangirira kuti zisalowe mminda ya eni, ndipo ndaona anthu ambiri akuika khwekhwe mkhosi mwa mbuzi, lija limathina ukamakoka, poti ndi losavuta kumanga. Pa khonje mwina mungapulumuke poti limagwiragwira, koma pa cha buluu khwekhwe limatsetsereka ngati lapakidwa sopo, mbuzi ikadzidzimuka ndi galu kapena ikazungulira chitsa nkudzikola ndiye kuti mukaipeza itatong'ola maso. Lupu yoima ndi yomwe imafunika, yoti zala ziwiri kapena zitatu zilowe pakati pa chingwe ndi khosi koma mutu usatuluke. Komabe olo mumange bwino chotani, chingwechi pa khosi la chiweto sindinachikonde, chimapala ubweya, mbuzi yanga yaikazi inachita kuyera khosi mwezi umodzi wokha mpaka ndinasokerera chidutswa cha paipi yothirira yakale kuti chingwe chidutse mkati. Mbuzi zanga zina ziwiri ndinazibwezera ku khonje basi, liziola chaka ndi chaka palibe kanthu, bola khosi.

Pomwe chandisangalatsa kwambiri mpomanga katundu. Pokolola tinachita hayala kapikiapu kukatenga chimanga, matumba a 50kg mulu ndithu, msewu wake wa mabampu okhaokha. Dalaivala anali ndi malegeni ake otha ntchito aja, ine ndinati dikirani. Mumamanga mbali imodzi ndi bowline pa ngowe ya galimoto, kuponya chingwe pamwamba pa matumba, mbali inayo mumapanga kalupu pakati pa chingwe, nsonga kuizunguliza pa ngowe ya mmunsi nkuibweza kudzera mkalupu kaja, ndiye mukakokera pansi chimathina modabwitsa ngati muli anthu awiri. Azungu amati trucker's hitch, madalaivala a malole ambiri amaidziwa olo dzinalo asalidziwe. Apa kuterera kuja kumasanduka ubwino chifukwa chingwe chimayenda mosavuta mkalupumo, komanso poti sichitamuka kwambiri ngati nayiloni katundu sakhwepa panjira. Tinafika thumba olo limodzi losasuntha. Chenjezo lake nlakuti musamakoke mothamanga mobwerezabwereza pamalo amodzi, polypropylene imasungunuka pa kutentha kochepa, cha mma 160 digiri, nde chingwe chikamakhulana ndi chinzake chimapsa, pa changa pali malo ena anachita kunyezimira nkuuma ngati pulasitiki yowauka. Pamenepo ndinadulapo.

Kalupu ka pakatiko poyamba ndimangopanga kotsetsereka, koma pano ndinaphunzira ina amati alpine butterfly, mumazunguliza chingwe katatu pa chikhatho nkutenga chimodzi kuchidutsitsa pansi pa zinzake. Siivuta kumasula ndipo imalola kukokedwa mbali zonse. Ndimaigwiritsanso ntchito pa chingwe choyanikira zovala, tilupu tingapo motalikirana kuti mahang'ala asamaunjikane pakati mphepo ikawomba, mayi akunyumba anaiyamikira imeneyo kuposa zonse, mwina nkhani ya ndowa anaikhululuka pamenepo.

Kunsonga musaiwale kuwotcha. Mukangodula osawotcha, zopota zitatu zija zimamasuka nthawi yomweyo mpaka theka la mita kukhala ngati mchira wa ng'ombe. Ine ndimakulunga selotepi kaye, kudula pakati pa selotepiyo, kenako machesi kapena kandulo. Osagwira ndi chala chikadali chosungunuka, ndili ndi chipsera pa chala cha mkombaphala chondikumbutsa.

Tsono dzuwa. Apa mpomwe kutchipa kwake kumaonekera. Chidutswa cha pachitsime, poti chimakhala pamthunzi ndipo timachilowetsa mnyumba usiku, chikadali chabwino. Koma choyanikira zovala chomwe chakhala panja chilimwe chonse, October yense uja, chasintha mtundu, buluu uja wayererako, ukachigwira chimasiya kafumbi mmanja ndipo timaulusi timathothoka nkumabaya ngati minga ya chitedze chouma. Ndinayesa kupinda kachidutswa mwamphamvu, timaulusi takunja tinangothyoka. Polypropylene ndi dzuwa sizigwirizana, pokhapokha ngati anathiramo mankhwala oteteza popanga, ndipo pa mpukutu womwe ndinagulawo panalibe pepala lililonse lonena zimenezo, olo lonena kulemera komwe chingapirire. Chimenecho ndi chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri ndi shopu ija, ukafunsa amangoti ncholimba bwana. Kulimba kwake mpaka pati? Chikhalirenicho mfundo iliyonse imachepetsa mphamvu ya chingwe pamalo pomwe chapindikapo, bowline amatha kudya gawo limodzi mwa magawo atatu, ya 8 imadyako pang'ono pochepera apo, nde ngati sukudziwa pomwe wayambira ukuchotsera pa chani.

Mchifukwa chake pa munthu ayi, ndakana. Mnyamata wina wokumba zitsime anabwera kudzabwereka kuti atsikire nacho pokachotsa matope kwa aneba, ndinamukaniza mpaka anandiona ngati womana. Chimodzimodzi titakwera Mulanje mwezi wa August ndi anzanga akutchalitchi, tinayambira ku Likhubula kukagona ku Chambe, ndinatenga mamita 15 mchikwama ndipo anatithandiza zedi, kumangira lona pomwe tinapumira, kuyanika majuzi onyowa ndi chiperoni, kumanga chikwama cha mnzathu lamba atadukira panjira. Kupepuka kwake kumeneko ndinakuyamikira, sumva kuti wanyamula kanthu ndipo chikanyowa sichilemera. Koma wina atanena kuti chaka chamawa tikapite nacho ku Sapitwa, pamwamba penipeni paja pa mamita 3,002, kuti tizikakokana nacho pamiyala, ndinamuuza kuti apite yekha. Zingwe za anthu okwera matanthwe ndi zina, za nayiloni yolukidwa ndi chikopa chake kunja, zopangidwa kuti zitamuke munthu akagwa ndipo zimayesedwa zisanagulitsidwe. Ichi nchomangira matumba.

Nde ndikagulenso? Eya ndikagula, koma mwina cha 8mm pa zoyanikira ndi lona poti 10mm chimachita kukula pa ntchito zazing'ono ndipo mfundo zake zimakhala zibuluma, ndipo ulendo uno ndikafunsa ngati ali ndi chakuda, poti zakuda zimapirirako dzuwa. Pa nyenyezi zisanu ndichipatsa zitatu ndi theka, theka linalo lapita ndi khosi la mbuzi yanga. Mamita otsalawo ndawakulunga ali mu thumba la saka kuseri kwa chitseko, malume akuti akabwera mwezi wamawa adzandionetsa kulukira nsonga mkati mwa chingwe chomwe kuti lupu ikhale yopanda mfundo, akuti pa chopota patatu chonchi ndi ntchito ya mphindi khumi ndi msomali umodzi wa sikisi inchi.