Sequel ndi ActiveRecord pa nkhani ya ma plugin

Zonse ziwiri ndi zida zolumikizira pulogalamu ndi database m'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Ruby, koma kuwonjezera zinthu kumasiyana. ActiveRecord imabwera itadzaza kale: created_at ndi updated_at (madeti amene rekodi yalembedwa ndi amene yasinthidwa) zimalembeka zokha, ma validation (ofufuza ngati deta ili bwino isanasungidwe) ali momwemo. Mukafuna zanuzanu, mumalemba module (mtolo wa khodi) pogwiritsa ntchito ActiveSupport::Concern, kenako mumailowetsa mu model (khodi yoimira tebulo la mu database) ndi include.

Sequel, imene Jeremy Evans amaiyang'anira, imayamba yopepuka, zina mumawonjezera ndi ma plugin (tizigawo ta khodi towonjezera ntchito). Madeti aja mumachita kuwaitanitsa ndi plugin :timestamps, pa model imodzi kapena pa Sequel::Model kuti afike ponseponse. Plugin yolemba nokha mumaigawa mu ClassMethods, InstanceMethods ndi DatasetMethods, choncho chilichonse chili ndi pokhala pake, osangounjika pamodzi. Ine dongosolo limeneli ndi limene limandikomera, ngakhale wongoyamba kumene amadabwa akapeza updated_at ilibe kanthu. Sequel siilemba pa rekodi yatsopano pokhapokha mutawonjezera update_on_create: true.