Ndinaitanitsa Phantom ya Britain, wogulitsa ananditumizira ya America

Ndapereka nyenyezi zitatu, koma ndikanalemba ndemangayi tsiku limene katundu anafika, ndikanapereka imodzi, imodziyonso monyinyirika. Ndinagula kandege kapulasitiki kochita kulumikiza ndi guluu, ka sikelo ya 1:48 (kochepa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), pa mapaundi 46 kuphatikizapo ndalama yotumizira, mtengo umene aliyense wogula zinthu zoterezi kuno ku England akudziwa kuti ndi wapakatikati. Wogulitsa analemba poyera kuti ndi Phantom FG.1, ndege yankhondo ya asilikali apamadzi a Britain. Phukusi linafika patatha masiku anayi, bokosi lili losaphwanyika.

Kandegeka sikanali kanga. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo mmodzi mwa agogo amene ndimawayendera anagwirapo ntchito pa sitima yonyamula ndege ya HMS Ark Royal m'zaka za m'ma 1970, kukonzekeretsa ndege zimenezi kuti zinyamuke. Zimene anadya dzulo amaiwala, koma mukangotchula Phantom amakhala tsonga pampando n'kuyamba kufotokoza mmene chitsulo cha pansi pa mapazi awo chinkanjenjemera injini ziwiri zikayatsa moto wa kumbuyo. Ndinaganiza kuti tikamamanga limodzi pang'onopang'ono, manja awo apeza chochita ndipo mitu yathu ipeza nkhani.

Cholakwa changa chinali chakuti sindinatsegule bokosi kunyumba. Ndinakalitsegulira pathebulo pawo, iwo atavala kale magalasi. Anatola kachidutswa ka potulukira utsi, anakatembenuza kawiri pakati pa zala, n'kukabweza m'bokosi mwakachetechete, kenako ananena kuti ndege imeneyi si yawo. Ndinayesa kuwatsutsa powaonetsa masitika a chipsepse chofiira cha kumchira chokhala ndi chilembo cha Chigiriki cha Omega, chizindikiro cha gulu la 892 Naval Air Squadron, amene analidi m'bokosimo. Iwo anangoseka n'kundiuza kuti wina wangoponyamo masitika a Britain pa ndege ya America. Ananenadi zoona. Zidutswa zonse zinali za F-4J, ya injini za J79 za General Electric, zimene potulukira utsi pake ndi patali ndi popyapyala, pamene ya Britain inali ndi injini za Spey za Rolls-Royce, zonenepa, zimene zinachititsa kuti thupi la ndege likulitsidwe ndi polowera mpweya pakuzidwe. Manyazi amene ndinachita pamaso pa munthu wamkulu ngati uja sindinawaiwalebe.

Ndinalembera wogulitsa usiku womwewo, mwaulemu, ndi zithunzi zitatu. Anayankha patapita masiku asanu ndi mzere umodzi wokha, wakuti Phantom ndi Phantom, ndipo popeza bokosi ndalitsegula sangalilandirenso. Yankho limeneli ndi limene linandipsetsa mtima kuposa kulakwitsa kwenikweniko, chifukwa kusokoneza mabokosi m'sitolo kumachitika, koma kuuza munthu amene waitanitsa chambo kuti adye mlamba poti zonse ndi nsomba ndi chipongwe. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti ndege imeneyi, imene kampani ya McDonnell inaiulutsa koyamba pa 27 May 1958, inapangidwa zokwana 5,195 mpaka mu 1981, ndipo sizinali zofanana zonse. Zoyambirira zinalibe ndi mfuti yomwe, chifukwa akatswiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti mizinga yokha ikwanira, mpaka nkhondo ya ku Vietnam inawaonetsa kuti analakwitsa, ndipo mtundu wa F-4E unabwera ndi mfuti ya Vulcan pansi pa mphuno. Za Britain zinasiyananso kwambiri chifukwa Ark Royal inali yaing'ono poyerekeza ndi sitima za America. Mwendo wakutsogolo unkatalikitsidwa pafupifupi mita imodzi kuti ndege inyamuke mphuno itadzuka kale, mphunoyo inkapindika kuti ndege ikwane pa chikepe chotsitsira m'kati mwa sitima, ndipo moto wa Spey unali wotentha moti zotchingira moto za pasitimapo ankachita kuziziziritsa ndi madzi. Chithunzi chimene agogo ali nacho m'mutu ndi cha ndege yoimirira mwendo wautali umenewo, ndipo m'bokosi langa munali mwendo waufupi wa ku America. Ndinalemba zonsezi m'kalata yachiwiri yopita kwa wogulitsa uja. Sanayankhe mpaka lero.

Bokosilo linakhala pamwamba pa kabati kwa milungu iwiri. Amene analitsitsa ndi agogo omwewo, tsiku lina mvula ikugwa, atandikumbutsa chinthu chimene ine, wokwiya uja, sindinachiganizire. Nkhondo ya ku Falklands itatha mu 1982, Britain inatumiza ena mwa ma Phantom ake kukalondera zilumbazo, ndipo pofuna kutseka mpata umene unatsala kwawo, inagula ma F-4J 15 amene asilikali apamadzi a America anali atagwiritsa kale ntchito. Ndegezi zinafika mu 1984, zinapatsidwa kwa gulu la 74 Squadron ku Wattisham m'chigawo cha Suffolk, ndipo zinauluka ndi injini zake za J79 mpaka mu 1991. Choncho kandege kolakwika kaja kakanathabe kukhala ka Britain, kungoti ka RAF, asilikali a mlengalenga, osati ka apamadzi. Anawonjezera, akumwetulira, kuti ngakhale ndege zawo za pa Ark Royal zinathera m'manja mwa RAF sitimayo itasiya ntchito kumapeto kwa 1978, ndiye palibe chachilendo. Ndinagula masitika a mutu wa nyalugwe wa gululo kwa wogulitsa wina pa mapaundi 9, ndipo tinayamba ntchito.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale mtima sukufuna: kandegeko pakokha ndi kabwino kwambiri. Zidutswa zimalumikizana popanda kukakamiza, mizere ya pathupi ndi yosalala, ndipo opanga anasamala pa zinthu ziwiri zimene zimapangitsa Phantom kudziwika patali, nsonga za mapiko zopindikira m'mwamba ndi timapiko ta kumchira toweramira pansi. Ukazimata zimakhala pamalo pake zokha, osafunika kuchirikiza ndi mabuku usiku wonse. Mipando iwiri, wa woyendetsa ndi wa woyang'anira rada, ili ndi malamba ake oumbidwa bwino, moti agogo anatha theka la ola akupenta mpando umodzi ndi kaburashi kang'ono, lilime lili panja. Mizinga ilimo isanu ndi itatu, inayi ya Sparrow yolowa theka m'mimba mwa ndege ndi inayi ya Sidewinder. Mabomba mulibe, chimene chikanandidandaulitsa pa ndege yodziwika ndi kunyamula katundu wankhondo woposa matani asanu ndi atatu komanso kutha kuthamanga kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso, koma za 74 Squadron ntchito yake inali yolondera mlengalenga basi, ndiye kusowako sikunatikhudze.

Zofooka zilipo zitatu. Polowera mpweya pamatsala kampata kofunika kumata ndi kupala ndi sandipepa, ndipo galasi la pamwamba pa oyendetsa ndi lopyapyala moti linang'aluka pang'ono pakona pamene ndimalidula. Pepala la malangizo ndi la zilembo zing'onozing'ono, zovuta kwa munthu wa maso otopa, kotero ndinachita kulijambula ndi foni n'kumalikulitsa.

Nyenyezi zitatuzi ndi za opanga kandegeko. Wogulitsayo sindimupatsa ngakhale imodzi, ndipo amene mukufuna Phantom ya injini za Spey mumuumirize akutumizireni chithunzi cha zidutswa za m'kati musanalipire, chifukwa chithunzi cha patsamba lake sanachisinthe. Kathu kandege tinakamaliza patatha milungu isanu ndi umodzi ndipo kali pawindo la chipinda chochezera. Masitika a Omega aja agogo anakana kuti ndiwataye, anawasunga m'kabati ya mankhwala, ndipo andiuza kuti ndifufuze FG.1 yeniyeni Khirisimasi isanafike.