Ulendo woyenda pansi ku Wicklow: lipirani tsiku la Glendalough, kwinako dziyendereni nokha

Kwa anzanga okhala ku Dublin amene mumafunsa za maulendo okhala ndi woperekeza opita ku County Wicklow, dera la ku Ireland, ine ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Kampani imene tinalembetsako ndi yaing'ono. Imakutengani pa minibasi n'kukuyendetsani madera atatu: kunyanja za m'mapiri, kunkhalango, ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Pa zitatuzi, ndi choyambacho chokha chomwe ndalama yathu inagwira ntchito yooneka.

Ku Glendalough, komwe kuli nyanja za m'mapiri zija, tinayambira pa mabwinja a amonke, malo amene anakhazikitsa Kevin Woyera m'zaka za m'ma 500. Nsanja yamiyala yozungulira ija, yotalika pafupifupi mamita 30, idakali chilili, ndipo khomo lake lili m'mwamba moti popanda makwerero simungalowe. Apa woperekeza sanatitayitse nthawi. Anthu amakhala pikitipikiti kujambulana pakati pa manda, ndiye iye anangofotokoza mwachidule n'kutitsogolera kudutsa nyanja yakumunsi (Lower Lake) mpaka kunyanja yakumtunda (Upper Lake), kumene njira zenizeni zimayambira.

Njira za pamalopa anaziika zizindikiro za mivi yamitundumitundu. Ife tinatsata yoyera, yokwera phiri la Spinc, yomwe ndi makilomita 9 ndi kanthu. Mumakwera m'mbali mwa mathithi a Poulanass, thukuta kamukamu ngakhale kukuzizira, kenako mumatulukira pamwamba pa phiri, nyanja ili tambalala kunsi kwanu, madzi ake akuda bii. Pamwambapo m'ponyowa, nthaka yake ndi yofewa yomiza phazi, choncho anayalapo mitanda ya matabwa iwiriiwiri mondondozana, n'kukhomerapo misomali yopinda ndi waya kuti nsapato zisaterereke. Kanjirako n'kopapatiza. Mukakumana ndi anthu obwera kutsogolo, wina amayenera kupatuka, ndipo wopatukayo ndi amene amabwerera kunyumba sokosi zili nyowe.

Apa m'pamene ndinaona ubwino wa woperekeza. Tili pamwamba, nkhungu inatsika mwadzidzidzi ngati chiperoni cha ku Mulanje, munthu wa patsogolo pako osaonekanso bwino. Bamboyo sanatekeseke. Anatiimitsa pamodzi, kutiwerenga, kuuza aliyense avale jekete ya mvula isanayambe, n'kuika mnzake kumbuyo kwa mzere. Mayi wina amene bondo linkamuvuta anamubwereka ndodo zoyendera, namuonetsa kaponyedwe ka phazi potsika pa miyala. Kutsika kwake n'kumene kumapweteka kuposa kukwera, chifukwa njira ya m'chigwa cha Glenealo ndi yamiyala yokhayokha, yokhotakhota. Kunsi kuli mabwinja a mudzi wa anthu amene ankakumba mtovu m'zaka za m'ma 1800, milu ya mchenga wotuwa wa mumgodi idakali pomwepo. Anatilozera mbuzi zam'tchire ndi agwape zili phee m'matanthwe, zomwe patokha tikanangozidutsa.

Chinthu chimodzi chomwe sanatichenjeze ndi tizilombo touluka tija amati ma midges. Mphepo ikangoleka m'mbali mwa nyanja, timakuunjirirani kumaso ndi m'khosi. Gulani mankhwala odzola musananyamuke.

Za nkhalango sindichulukitsa. Anatitengera ku Avondale, pafupi ndi Rathdrum, kwawo kwa Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa ndale wa ku Ireland wa m'zaka za m'ma 1800, komwenso ntchito ya boma yodzala mitengo ku Ireland inayambira mu 1904. Malo ndi okongola, mitengo italiitali, mtsinje wa Avonmore ukuyenda kunsi. Koma njira zake n'zosalaza, zikwangwani paliponse, moti woperekeza analibe chochita kupatula kuyenda nafe. Mlatho wodutsa m'nsonga za mitengo, umene unatsegulidwa mu 2022 wokhala ndi nsanja ya mamita 38, uli ndi tikiti yakeyake. Kampani yathu sinanene zimenezi polembetsa. Banja lina lomwe linabwera ndi ana linachita kupisanso m'thumba pageti, nkhope zili zii.

Chimene chinandinyansa kwenikweni ndi gawo la kunyanja yamchere. Pa tsamba lawo analembapo, ndi zithunzi zomwe, kuti tidzayenda njira ya m'maphedi yochokera ku Bray kukafika ku Greystones, ya makilomita pafupifupi 7. Njirayo inayamba kutsekedwa mu 2021 chifukwa cha kugumuka kwa nthaka, ndipo ife tinaipeza yotseka. Munthu wochita malonda a maulendo m'dera lomwelo sangati samadziwa. Tinangouzidwa tili m'minibasi kuti pulogalamu yasintha pang'ono. Pang'ono pake pati?

M'malo mwake tinakwera Bray Head mpaka pa mtanda wa konkire umene anauimika mu 1950. Sindinama, pamwambapo m'pabwino: uku nyanja, uku phiri losongoka la Great Sugar Loaf, tauni ya Bray ili pansi. Kungoti ulendo umenewu sufuna kulipira munthu. Sitima yapamtunda ya DART yochokera ku Dublin imakutulani pa Bray, mumayenda m'mbali mwa gombe mpaka kumapeto, chikweza n'kuyamba pomwepo. Nditawalembera kudandaula anapepesa mwaulemu, koma za kubweza kandalama sanazitchule.

Minibasi inali yaukhondo ndipo imafika pa nthawi. Kamba wa masana anali sangweji, apozi ndi botolo la madzi, zosakwanira munthu amene wakwera Spinc, ndiye nyamulani kanu kowonjezera ndi fulasiki ya tiyi. Nsapato zikhale zolimba zosalowa madzi, osati zothamangira. Ndipo musanapereke ndalama, afunseni akulembereni pa imelo njira zenizeni zomwe mudzayende sabata imeneyo komanso matikiti amene ali mkati mwa mtengowo. Akakana kugulitsa tsiku la Glendalough palokha, funani kampani ina.