Mtanthauziramawu wa Chidakota: wa pafoni, wa Riggs, kapena wa Chilakota?

Munthu ukayamba kuphunzira Chidakota, chiyankhulo cha eni nthaka a ku Minnesota ndi madera ena a America ndi Canada, anzako amakulozera zida zitatu: pulogalamu ya pafoni yotchedwa Dakhód Iápi Wičhóie Wówapi, mabuku akale a amishonale Riggs ndi Williamson, ndi New Lakota Dictionary, buku la Chilakota, chiyankhulo chachibale cha Chidakota. Zonsezi ndi zabwino, koma sizigwira ntchito imodzi, ndipo woyamba kumene akasankha molakwika amazolowetsa lilime lake zinthu zovuta kuzichotsa pambuyo pake.

Ndiyambe ndi wamkulu pa onse. Stephen Riggs adafika pa mishoni ya Lac qui Parle ku Minnesota mu 1837, ndipo mu 1852 bungwe la Smithsonian lidasindikiza galamala ndi mtanthauziramawu wa Chidakota umene iye adasonkhanitsa pamodzi ndi anzake. Abale awiri, Samuel ndi Gideon Pond, ndiwo adayala kalembedwe kake. John Williamson, mwana wa mmishonale, yemwe adakulira pakati pa Adakota, adatulutsa lake lochokera ku Chingerezi kupita ku Chidakota mu 1902. Mabuku awiriwa amayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi, ndipo Minnesota Historical Society Press idawasindikizanso mu 1992. Ife amene tikudziwa buku la Chimang'anja la David Clement Scott la mu 1892 tikudziwa kukoma kwa mabuku otere: muli mawu amene agogo okha ndiwo ankawanena.

Vuto la Riggs lili m'khutu. Chidakota chimasiyanitsa k ndi kh, p ndi ph, t ndi th, monga momwe ife timasiyanitsira pala ndi phala, kapena kala ndi khala. Kalembedwe ka amishonale sikankaonetsa kusiyana kumeneku nthawi zonse. Mawu oti bwenzi ankawalemba koda, pamene kalembedwe katsopano kamati khodá. Mdakota wa mu 1880 sizinkamuvuta, chifukwa mawuwo adali kale m'kamwa mwake, monga ife sitisokonezeka ndi mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika ngakhale zilembo zili chimodzimodzi. Koma lero oyamwira Chidakota kubere atsala ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Mdzukulu amene akuphunzira yekha m'tauni ya Minneapolis alibe womuuza kuti apa pumira mpweya. Adzawerenga zomwe zalembedwazo, nadzazitchula Chingerezi.

Apa ndi pamene pulogalamu ya pafoni ikupambanira, ndipo ikupambana patali. Idatuluka mu February 2023, yopangidwa ndi bungwe la Adakota eni ake lotchedwa Dakhóta Iápi Okhódakičhiye, ndipo mmodzi wa otsogolera ntchitoyo ndi Šišókaduta, mphunzitsi wa Chidakota pa University of Minnesota. Muli mawu oposa 28,000, ndi yaulere, ndipo imapezeka pa iPhone ndi pa Android pomwe. Chachikulu ndi chakuti ukadina liwu umamva akuluakulu akulitchula. Kalembedwe kake kamaonetsa pamene liwu likukwezedwa, kamaonetsa mpweya uja, kamaonetsanso mawu otulukira m'mphuno. Zilembo monga č, š ndi ȟ zimaopsa tsiku loyamba, koma chilichonse chili ndi ntchito yake imodzi, ndipo khutu likangogwirizana ndi diso mantha amatha.

Kumva kumeneku sindikukutenga ngati chokometsera chabe. Mu 1862 kudali nkhondo pakati pa Adakota ndi boma la America, ndipo pa 26 December chaka chimenecho amuna 38 adanyongedwa ku Mankato. Chaka chotsatira ambiri adathamangitsidwa ku Minnesota, n'chifukwa chake lero abale awo ali ku Santee ku Nebraska, ku Sisseton ku South Dakota, ku Spirit Lake ku North Dakota, ndi ku Manitoba. Pambuyo pake ana adatengeredwa ku sukulu zogonera komweko kumene ankalangidwa akayankhula chakwawo. Choncho liwu la gogo likamveka pafoni ya mwana, ndi chinthu chimene anthu adayesetsa kuchitontholetsa chikumvekanso. Ndipo tisaiwale kuti Riggs yemweyo adali womasulira pa pangano la Traverse des Sioux mu 1851, limene lidalanda Adakota malo ambiri. Sizichotsa phindu la buku lake, koma n'zomveka kuti Adakota afune buku limene iwo eni ali pachiwongolero.

Nanga New Lakota Dictionary? Idatuluka koyamba mu 2008 pansi pa Lakota Language Consortium, mkonzi wake ndi Jan Ullrich, ndipo nayo ili ndi pulogalamu ya pafoni. Mphamvu yake ili pa ziganizo zachitsanzo ndi kaonetsedwe ka aneni. Izi n'zofunika, chifukwa m'ziyankhulo zimenezi kachizindikiro ka mwini ntchito nthawi zina kamalowa pakati penipeni pa liwu: máni ndi kuyenda, mawáni ndi ndikuyenda, mayáni ndi ukuyenda. Mlendo ku Chichewa amavutika kudziwa kuti ndidzamupitira aifune pa pita. Kuno ndiye vuto lake limaposa. Bukuli limatchulanso mawu a Chidakota pambali, koma msana wake ndi Chilakota. Pamene Mdakota anena d, Mlakota amanena l: khodá amasanduka kholá. Amamvana ndithu, komabe amene akufuna kuyankhula ngati Adakota a ku Prairie Island kapena Lower Sioux ku Minnesota asayambire pamenepa. Palinso nkhani ina yoti munthu aidziwe: mu 2022 khonsolo ya fuko la Standing Rock, la Alakota ndi Adakota, idaletsa Lakota Language Consortium kugwira ntchito m'dera lake, mkangano wake uli wakuti mwini wa mawu amene akuluakulu adajambulitsa ndani.

Ine ndinganene kuti foni ikhale yoyamba, ndipo tsiku lililonse umvere liwu kangapo usanayese kulitchula. Buku la Chilakota likhale lofunsira pamene mneni wakuzunguza mutu. Riggs ndi Williamson asunge malo awo pashelefu, chifukwa tsiku lidzafika lofuna kuwerenga makalata amene akaidi a Chidakota adalemba ali m'ndende ku Davenport ku Iowa itatha nkhondo ija ya 1862, kapena nyuzipepala ya Iapi Oaye imene inkatuluka kuyambira mu 1871 mpaka 1939. Zonsezo zili m'kalembedwe kakale, ndipo pamenepo koda wa Riggs ndi amene adzakutsegulire chitseko.